Ndikafufuza za chuku mu mtedza sindikupeza kanthu, ndikulakwitsa pati?

"Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji, ndipo ndikuchita digiri pophunzirira kwathu konkuno. Kafukufuku wanga ndi wa kayanikidwe ndi kasungidwe ka mtedza pakati pa alimi ang'onoang'ono, ndi mmene zimenezi zimabweretsera chuku. Aphunzitsi ondiyang'anira andibwezera chaputala chachiwiri kawiri konse, akuti zomwe ena analemba kale ndangozikhudza pamwamba. Koma ine ndikalemba mutu wanga wonse pa Google Scholar pamabwera zinthu masauzande zosakhudza kwathu kuno, ndikaulemba m'nkhokwe za kafukufuku zomwe anatipatsa kusukulu sipabwera chilichonse. Bandulo ikungothera pachabe. Kodi n'kutheka kuti za Mchinji palibe analembapo? Kapena ndine amene mutu sukugwira?"

Alangizi, mtima m'malo. Mutu wanu ukugwira bwinobwino, ndipo nkhani mwasankhayi inalembedwa kwambiri. Poizoni wa chuku, amene m'mabuku amatchedwa aflatoxin, anadziwika kutsatira imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England mu 1960 zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza woipa, ndipo chiyambireni asayansi sanaleke kumufufuza. Pamsewu wanu womwewo wopita ku Lilongwe pali malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, pomwe akatswiri a boma ndi a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu m'mayiko osiyanasiyana, akhala akugwira ntchito pa mtedza kwa zaka zambiri. Ndiye zolembedwa zilipo. Pazaka zonse zomwe ndakhala pa desiki ya laibulale kuthandiza ophunzira, dandaulo lanuli ndi lomwe ndalimva kuposa ena onse, ndipo gwero lake limakhala limodzi: munthu akulankhula ndi nkhokwe ngati akulankhula ndi munthu mnzake.

Mukafika pa Kamwendo tsiku la msika n'kufunsa mayi wogulitsa kuti, "Kodi muli ndi nsawa zouma bwino zoti ndikasinje?" iye amva chomwe mukufuna, ngakhale iyeyo amati mtedza. Nkhokwe ya pa kompyuta ilibe nzeru imeneyo. Imatenga zilembo zomwe mwalemba n'kuzifanizira ndi zilembo zomwe ili nazo, basi. Nkhokwe zambiri za kusukulu zimayang'ana mutu wa pepala, chidule chake ndi mawu ochepa omwe mlembi anasankha, ndipo zimafuna kuti mawu onse omwe mwalemba apezeke pamodzi. Mukaponyamo mutu wa mawu 15, mwapempha pepala lokhala ndi mawu onse 15 amenewo, ndipo pepala lotero ndi lanu lomwe simunamalizelo. N'chifukwa chake sipabwera kanthu. Google Scholar yokha ndi yomasuka: imalowa mpaka m'kati mwa pepala, imatola mawu anu kulikonse komwe amwazikira, n'kukukhuthulirani zonse, mphale ndi gaga pamodzi. Kusowa ndi kuchulukitsa kumene mukuonako ndi matenda amodzi.

Mankhwala ake amayambira papepala, deta ili chitsekere. Lembani mutu wanu, kenako muuphwanye m'magawo a zinthu zenizeni zomwe ukunena. Wanuwu ndikuonamo zinayi: mbewu, poizoni, ntchito ya pambuyo pokolola, ndi malo. Mawu ena onse, monga effects, factors, assessment, impact, among ndi study, achotseni. Amakometsa mutu wa kafukufuku, koma pofufuza ndi mankhusu chabe chifukwa amapezeka pafupifupi m'pepala lililonse, ndipo mlembi wina analemba influence pomwe inu mwalemba effects. Ngakhale smallholder farmers muyambe mwausiya kaye pambali. Pepala lonena za mtedza wa ku Malawi nthawi zambiri limakhala la alimi ang'onoang'ono ngakhale silinatero pamutu.

Tsopano pansi pa gawo lililonse lembani mayina onse omwe chinthucho chimadziwika nawo. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani mupatsepo madzulo athunthu.

Tiyambe ndi mbewu. Ife kuno tinaphunzira kuti mtedza ndi groundnut, ndipo alembi a kuno, a ku Zambia, a ku India ndi a ku West Africa amatero ndithu. Koma a ku America amati peanut, ndipo majenala ambiri a zakudya ndi zaumoyo amatsatira iwowo. Wofufuza ndi groundnut yekha wadzitsekera gawo lalikulu la nkhokwe asakudziwa. Palinso dzina la sayansi, Arachis hypogaea, lomwe silisintha kaya mlembi ndi wa dziko liti. Muchenjere ndi chinthu chimodzi: groundnut amakokanso Bambara groundnut, zomwe ndi nzama, mbewu ina ndithu. Mukaziona pamndandanda musadabwe, ingozidumphani.

Pa poizoni, Chichewa chathu chimakuta zonse ndi liwu limodzi loti chuku, pomwe Chingerezi cha sayansi chinazigawa. Pali nkhungu yeniyeniyo, yomwe Angerezi amalemba mould ndipo Amereka amalemba mold. Pali mitundu yake yomwe ikukukhudzani, Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus. Pali poizoni amene imatulutsa, aflatoxin, yemwe woopsa kwambiri mwa mitundu yake ndi B1, ndipo ena amangomulemba kuti AFB1. Ndiye pali dzina la banja lonse la mapoizoni a nkhungu, mycotoxin. Pepala lina labwino kwambiri lingathe kukhala ndi mycotoxins pamutu, aflatoxin n'kubisala m'kati.

Gawo lachitatu ndi lomwe inuyo mukundiposa, chifukwa mumaliona ndi maso kumunda. Ganizani zonse zomwe mlimi amachita kuyambira tsiku lokumba: kuyanika, kuthothola, kusenda, kusankha, kuika m'matumba, kusunga. Chilichonse chili ndi liwu lake: drying, curing, stripping, shelling, sorting, grading, storage. Liwu lokuta zonse amalilemba mitundu itatu, postharvest, post-harvest ndi post harvest, ndipo si nkhokwe zonse zomwe zimadziwa kuti n'chimodzimodzi. Njira zomwe mumaphunzitsa alimi nazonso zili ndi mayina ake m'mabuku: Mandela cock, imene ena amaitcha ventilated stack, kuyanika m'mizere mtedza utaloza kumwamba komwe amati inverted windrow, ndi matumba osalowa mpweya omwe amalembedwa kuti hermetic bags kapena PICS. Ndipo chizolowezi chija chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, chomwe ndikhulupirira mwalimbana nacho kambirimbiri m'midzi, chifufuzeni ndi wetting, sprinkling, soaking ndi moisture content. Kudziwa kwanu kwa kumunda ndi chuma pa ntchito imeneyi. Wophunzira wa m'tauni sangaganize n'komwe zofufuza za kuwaza madzi.

Za malo ndi zomwe ndikuganiza kuti zakupwetekani kwambiri. Mukaumirira kuti Mchinji apezeke pamutu kapena m'chidule, mutsala ndi mapepala owerengeka pa zala. Ofufuza ambiri anatenga mtedza wa ku Mchinji, Kasungu, Lilongwe ndi Dowa, koma pamutu analemba Malawi, maboma n'kuwatchula m'kati pofotokoza komwe anagwirira ntchito. Choncho m'nkhokwe za kusukulu lembani Malawi, ndipo Mchinji mukamuyese pa Google Scholar pomwe amawerenga za m'kati. Kenako tambasulani: Zambia, Mozambique, Tanzania, "southern Africa", "sub-Saharan Africa". Mlimi wa ku Chipata ndi wa ku Mkanda amalima pa dothi lofanana, amadikira mvula imodzi, amalankhulanso chinenero chimodzi, ndiye pepala la "Eastern Province" ya Zambia ndi lanu kuposa mapepala ena a m'Malawi momwemo onena za kuchigwa cha Shire. Mukafuna za kale kwambiri, kumbukirani kuti dziko lino lisanafike 1964 linkalembedwa kuti Nyasaland, Mchinji anali Fort Manning ndipo Chipata anali Fort Jameson.

Mukakhala ndi magulu anu anayi, kuwalumikiza n'kosavuta. Pali timawu titatu tomwe tinachokera ku masamu a George Boole, ndipo tizilembedwa ndi zilembo zazikulu. OR amalumikiza mayina a chinthu chimodzi, ndipo amachulukitsa zotuluka. AND amalumikiza magulu osiyana, ndipo amachepetsa. Pafupifupi nkhokwe iliyonse ili ndi tsamba lotchedwa Advanced Search, lokhala ndi mizere ingapo yolumikizidwa ndi AND. Gulu lililonse lipatseni mzere wake, chonchi:

groundnut* OR peanut* OR "Arachis hypogaea"

aflatox* OR mycotox* OR "Aspergillus flavus"

Malawi OR Zambia OR "southern Africa"

Pambali pa mzere uliwonse sankhani kuti ayang'ane mu Title ndi Abstract. Mukafuna kulemba zonse pamzere umodzi, gulu lililonse likuteni ndi mikutiro musanaike AND pakati, apo ayi kompyuta isakaniza magulu n'kukupatsani zomwe simunapemphe. Mwaona kuti gulu la kuyanika ndi kusunga sindinaliikepo. N'dala. Yambani ndi magulu awiri kapena atatu, muone kuchuluka kwa zomwe zabwera. Zikachuluka zosatheka kuziwerenga, ndiye onjezani lachinayi. Zikachepa, chotsani gulu la malo. AND aliyense amene mwaonjeza ali ngati sefa ina pansi pa inzake, ndipo sefa zikachuluka ufa sutsika.

Kachitatu ndi NOT, ndipo ine ndimalangiza ophunzira kuti asakakhudze mpaka atazolowera. Wina anafika kwa ine atalemba NOT maize chifukwa chimanga chimamusokoneza. Anataya mapepala ofunika kwambiri, chifukwa ofufuza ambiri a kuno amayeza chimanga ndi mtedza m'kafukufuku mmodzi, popeza zonse zimachokera m'nyumba imodzi ya mlimi. Kudumpha ndi maso mapepala khumi osafunika n'kwabwino kusiyana n'kutaya limodzi lofunika osadziwa kuti linalipo.

Kanyenyezi komwe mwakaona kumapeto kwa mawu kamauza nkhokwe kuti itenge mawu onse oyamba ndi zilembo zimenezo. Choncho aflatox* akubweretserani aflatoxin, aflatoxins, aflatoxigenic ndi aflatoxicosis nthawi imodzi. Koma muziona pomwe mukudulira. Mukalemba stor* pofuna storage, mukokanso storm ndi story. Mukalemba dry* mupeza drying ndi dryer, koma dried akutsalirani chifukwa chilembo chachitatu chinasintha. Mitengero nayo imamanga mawu awiri kapena atatu kuti ayende limodzi m'dongosolo lomwelo. Popanda mitengero, Mandela cock akupititsani ku ndale za ku South Africa ndi ulimi wa nkhuku.

Google Scholar ili ndi khalidwe lakelake, ndipo poti ndi yomwe muzigwiritsa ntchito kwambiri pafoni, ndi bwino mulidziwe. Siimva kanyenyezi kodulira mawu. Siilandira mzere wautali kupitirira zilembo 256, imangodula chakumapeto osakuuzani. Ndipo ngakhale inene kuti yapeza masauzande angati, imakuonetsani 1,000 oyamba okha. Ndiye kumeneko muzifufuza mwachidule koma kangapo. Lembani aflatoxin groundnut OR peanut Malawi, muone masamba atatu oyamba. Kenako aflatoxin "Mandela cock". Kenako aflatoxin Mchinji shelling. Zikachulukitsa, yambani ndi allintitle: kuti ingotenga mapepala omwe mawu anu ali pamutu penipeni. Palinso posankhira zaka, koma musathamangire kudula zakale, chifukwa pa nkhani ya chinyezi ndi kayanikidwe mapepala ena akale akadali maziko.

Tsopano ndikuuzeni njira yomwe ine ndimaidalira kuposa zonsezi. Mukapeza pepala limodzi lokha lomwe mwati "eya, ili ndi langa", imani kaye pomwepo. Musalikopere chabe n'kupitirira. Werengani mutu wake, chidule ndi mawu omwe alembi anaika pansi pa chidule, n'kutola liwu lililonse lomwe mulibe pamndandanda wanu. Pitani kumapeto kwake muone omwe iwo anawawerenga, kumeneko ndi kubwerera m'mbuyo. Kenako libwezeni pa Google Scholar mudine Cited by, muone omwe analigwiritsa ntchito litatuluka, kumeneko ndi kupita kutsogolo. Mukachita zimenezi ndi mapepala anayi kapena asanu, muyamba kuona mayina omwewomwewo akubwerabwera. Pa nkhani yanuyi simuchedwa kukumana ndi Limbikani Matumba wa ku LUANAR, yemwe ndi anzake anatulutsa pepala mu 2018 m'jenala ya Crop Protection loyerekezera Mandela cock ndi kuyanika m'mizere, komanso Emmanuel Monyo ndi Samuel Njoroge omwe anagwira ntchito ndi ICRISAT. Fufuzani ndi dzina la mlembi, mupeza zina zomwe mawu anu sakanazifikira. Njira imeneyi imakuuzaninso nthawi yolekera: mukasintha mawu kangapo, mukasintha nkhokwe, koma mapepala obwera n'kukhala omwe muli nawo kale, ndiye kuti mwafika pansi pa dengu.

Nkhokwe zina zinakuchitirani kale ntchito ya mayina ofanana. Zili ndi mndandanda wa mawu osankhika omwe amamatidwa pa pepala mosayang'ana liwu lomwe mlembi anagwiritsa ntchito. PubMed, nkhokwe ya zaumoyo yomwe ndi yaulere ndipo muifuna polemba za mmene poizoniyu amakhudzira chiwindi ndi kupinimbira kwa ana, ili ndi MeSH, momwe mtedza unaikidwa pa dzina loti Arachis ndipo poizoni uja ali pa Aflatoxins. AGRIS ya bungwe la FAO, yaulerenso, imayendera mndandanda wotchedwa AGROVOC. Ngakhale musafufuze m'nkhokwezo tsiku limenelo, kutsekula AGROVOC n'kulembamo liwu lanu kumakuonetsani mawu achibale omwe simunawaganizire.

Pa za komwe mungafufuze ndingodutsa mwachangu. African Journals Online, yomwe ambiri amangoti AJOL, imasunga majenala a mu Africa muno omwe nkhokwe zina zikuluzikulu zilibe. DOAJ imasonkhanitsa majenala owerenga mwaulere. ICRISAT ili ndi nkhokwe yakeyake yotseguka, ndipo CGSpace imasunga malipoti a mabungwe angapo ofufuza zaulimi. Malipoti ndi mathesisi musawapeputse, chifukwa za maboma enieni ngati Mchinji nthawi zambiri zimagona m'menemo. Chomwe ndikufuna musachiphonye ndi Research4Life, ndondomeko yothandiza mayiko osauka kupeza majenala. Kudzera mu AGORA, yomwe inayamba mu 2003 pa zaulimi, ndi Hinari yomwe inayamba mu 2002 pa zaumoyo, mabungwe olembetsedwa a m'Malawi amawerenga mwaulere majenala omwe kwina amagulidwa ndi ndalama zambiri. Sukulu za ukachenjede zimaloledwa kulembetsa, chimodzimodzinso maofesi a boma ndi malo a ulangizi. Chinsinsi cholowera chimakhala ndi woyang'anira laibulale, ndipo wophunzira wa patali ali ndi ufulu wochipempha monga mnzake wogonera pasukulu. Mufunsenso zomwe sukulu yanu imalandira kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno.

Za bandulo zandikhudza, chifukwa ndikudziwa kuti ndalama yake ikuchoka pa ndiwo za ana. Chomwe chimadya deta si kufufuza ayi, ndi kukopera mapepala omwe simudzawawerenga ndi kubwereza zomwe munafufuza kale dzana mutaiwala. Gulani kope la masamba ochepa likhale la ntchito imeneyi yokha. Nthawi iliyonse lembani tsiku, nkhokwe, mawu enieni omwe munalemba, kuchuluka kwa zomwe zinabwera, ndi zingati zomwe zinali zothandiza. Tsiku lofufuza muziwerenga zidule zokha n'kuika chizindikiro pa zomwe mukufuna, pa Google Scholar pali kanyenyezi kosungira pansi pa pepala lililonse. Kukopera kudikire tsiku lomwe mwapita paboma kapena pomwe netiweki ili bwino. Kope limeneli lidzakuthandizaninso kutsogolo, aphunzitsi akadzafunsa kuti mabukuwa munawapeza bwanji.

Pali maenje awiri omwe ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa munthu wotopa ndi amene amagweramo. Loyamba ndi mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT. Kuwafunsa mayina ena a shelling kapena curing palibe vuto, amathandiza ndithu. Koma mukawapempha mndandanda wa mapepala, amatha kukupekerani mutu wokongola, dzina la mlembi weniweni, chaka ndi jenala, pepalalo kulibe. Ndinaonapo wophunzira akulira muofesi mwanga atauzidwa kuti ena mwa mabuku omwe anawatchula sanalembedwepo ndi munthu, ndipo iye sankafuna kunama, anangokhulupirira. Pepala lomwe simunalitsekule ndi kuliwerenga nokha lisalowe m'chaputala chanu. Dzenje lachiwiri ndi majenala achinyengo, omwe amasindikiza chilichonse bola mlembi walipira, popanda akatswiri kuunika. Google Scholar imawatola nawonso. Mukaona pepala lolandiridwa lero n'kusindikizidwa mkuja, Chingerezi chili phwasuphwasu, jenala imodzi ikusindikiza za ulimi, za malamulo ndi za mano nthawi imodzi, likayikireni ndipo mufunse. Komanso musalipire ndalama kugula pepala limodzi musanayese njira zina. Dinani All versions pa Google Scholar, mwina lilipo laulere kwina, yesani AGORA, kapena lemberani mlembi mwaulemu. Ambiri amasangalala kutumiza, makamaka akamva kuti wopemphayo ndi mlangizi amene ali ndi alimi kumunda.

Nanga mufune thandizo liti? Mukachita zonsezi kwa sabata imodzi m'nkhokwe zitatu koma mapepala okhudzadi nkhani yanu osakwana khumi, musapitirize nokha. Safunsa anadya phula. Lemberani woyang'anira laibulale ya sukulu yanu, ndipo musangoti "ndithandizeni kupeza mabuku". Jambulani tsamba la kope lija mumutumizire pa WhatsApp kapena pa imelo. Akaona mawu enieni omwe munalemba, sachedwa kuloza pomwe pakutsekeka, mwina ndi kanyenyezi koikidwa posayenera kapena gulu lomwe lathina kwambiri. Chinsinsi cholowera chikakana, ameneyonso ndi wake. Koma mukapeza mapepala ambiri abwino, mutu wanu n'kuoneka kuti ena anauyankha kale, kapena mukaona kuti chuku ali ndi mbali zambiri zoti simungazikwanitse zonse, imeneyo si nkhani ya laibulale, ndi ya aphunzitsi okuyang'anirani, ndipo muwaone msanga musanapite kukafunsa alimi mafunso. Mwina adzakuuzani kuti muchepetse, mutsale ndi kusenda kokha kapena kuyanika kokha. Mukamapita kwa iwo, muwafunsenso mwachindunji kuti akutchulireni mapepala awiri omwe iwo amayembekeza kuwaona m'chaputala chija. Amenewo ndi omwe mudzayambire kudina Cited by.

Ndipo tsiku lomwe mwapita ku Lilongwe, tsikani pa Chitedze ndi kope lanu m'manja, mutapangana nawo kale. Pali malipoti ena a mtedza omwe ali pa mashelufu ndi m'makompyuta a ofufuza, omwe sanaikidwe pa intaneti. Pakadali pano, lembani magulu anu anayi usiku uno, muyese mizere itatu ija pa AGORA kapena pa PubMed, ndipo zomwe zibwere mundilembere, tidzaonere limodzi gulu lachinayi.